Wamasulidwa Loweruka, nanga Lolemba ali ndi yani?

Chilimwe chikafika kuno ku Mangochi, mitengo ya m'mbali mwa msewu imayamba kuvala mapepala. Msonkhano wa chitsitsimutso pabwalo lakuti, usiku wa mamasulidwe kwakuti, bwerani ndi odwala anu. Zimkuzamawu zimalira mpaka tambala woyamba, mawu ake nkuwoloka Shire kukamveka kutsidya. Chaka chino nyengoyi yatisiyira mtsutso umene sukuzirala m'magulu a WhatsApp a mipingo ngakhalenso m'maminibasi opita ku Monkey Bay. Gwero lake ndi timakanema tiwiri ta mnyamata mmodzi. M'koyamba ali pansanja, maikolofoni kukamwa, misozi ili chuchuchu, akuchitira umboni kuti chiwanda cha kachasu ndi chamba chamutuluka. M'kachiwiri, kojambulidwa patangotha miyezi iwiri, wagona chagada pamchenga kudoko, ana atamuzungulira akuseka. Ena akuti mwaonatu, azibusa awa ndi akamberembere, palibe chimene chinatuluka mwa iyeyu. Ena akuti ayi, anamasulidwadi, koma anatsegulanso yekha khomo Satana nkulowa. Ndamvetsera mbali zonse ziwiri, ndipo chondidabwitsa n'choti palibe amene akufunsa kuti m'miyezi iwiri ija mnyamatayu ankadya kuti, ankacheza ndi yani, komanso ndani wa mumpingo anapondako pakhomo pake.

Maganizo anga ndi awa, ndipo sindizungulira. Mpingo umene wasanjika manja pa munthu nkulengeza kuti wachira kapena wamasulidwa walowa naye m'ngongole. Ngongoleyo imayamba kubwezedwa Lolemba, mahema atapasulidwa, jenereta itabwerera kwa mwini wake. Munthu wotere ayenera kupatsidwa nkhoswe, ndikunena mkhristu mmodzi kapena awiri odziwika ndi dzina, okhala naye pafupi, amene kwa miyezi ingapo azimuyendera, kumuperekeza kuchipatala, kumuyanjanitsa ndi abale ake, ndi kumuthandiza kupeza chochita. Umboni wa pagulu uyambe wadikira. Ndipo mpingo umene ukuona kuti sungakwanitse zimenezi usamafulumire kuitanira anthu kutsogolo, pakuti walira mvula walira matope.

Izi sindikuzitola kutali. Kuno kwathu palibe chachikulu chimene chimachitikira munthu, ife nkumusiya yekha m'mawa mwake. Mayi akabereka timati wachira, mawu omwewo amene timanena kwa wodwala, koma palibe amene amamutuma kumjigo tsiku lomwelo. Amakhala m'chikuta, amayi ake kapena apongozi akumuphikira phala ndi kumuthowa ndi madzi otentha, mpaka mchombo wa mwana utagwa. Mnyamata wopita kujando amakhala ndi womuyang'anira kusimba, ndipo potuluka amapeza zovala zatsopano zikumudikira. Ukwati umatha tsiku limodzi, koma ankhoswe timawasankhira zaka zonse za banja, chifukwa tikudziwa kuti mikangano imayamba pelekanipelekani atatha. Ngakhale maliro, amayi amagonabe pasiwa masiku angapo titaika. Tsono zikutheka bwanji kuti munthu amene wagubuduzika pafumbi gulu likuona, waulula zinsinsi zake pachimkuzamawu, watentha zithumwa zimene anadalira zaka khumi, ameneyo yekha ndiye timangomuuza kuti pitani mumtendere?

Otsutsa oyamba ndi abale anga a m'mafeloshipu, ndipo mfundo yawo ndimailemekeza. Iwo amati ntchito ya Mulungu siifuna chigamba. Amene Mwana wamumasula ndi mfulu ndithu, monga akunenera Yohane 8:36, choncho kumulondalonda munthu wochiritsidwa ndi kukayikira mphamvu ya amene anamuchiritsa, komanso ndi kubzala mantha mumtima mwake. Akunena zoona pa chinthu chimodzi: pali kuyendera kwina kumene kumakhala ngati kudikirira kuti tione agwa liti, ndipo kumeneko n'koipa. Komabe tiyeni tione mmene Yesu mwini ankachitira. Ataukitsa mwana wa Yairo, nyumba yonse ili kakasi, mawu amene ananena anali oti mwanayo apatsidwe chakudya. Zili pa Marko 5:43. Amene wagonjetsa imfa akanalephera kuchotsanso njala m'mimba mwa kamtsikana ka zaka 12? Sanalephere, koma mbaleyo anaisiyira makolo. Lazaro naye anatuluka m'manda ali womangidwa manja ndi miyendo, ndipo Yesu anauza anthu oimirira pamenepo kuti amumasule. Saulo ataona kuwala panjira ya ku Damasiko anakhala masiku atatu wosapenya, osadya, mpaka Hananiya atamupeza kunyumba. Atafika ku Yerusalemu ophunzira ankamuthawa, ndipo anachita kumugwira padzanja ndi Barnaba. Ngati mtumwi amene analemba makalata ambiri chotere anafunika nkhoswe, kuli bwanji mlovi wa ku Makawa amene wangosiya kachasu dzana?

Mtsutso wachiwiri ndi umene umapha anthu, choncho ndikhalitsapo. Pali amene amati wochiritsidwa akapitiriza kumwa mankhwala ndiye kuti akutumikira ambuye awiri. Kawirikawiri mlaliki sanena poyera kuti tayani mapiritsi. Amangoti kuyambira lero simudzafunanso botolo, gulu nkukuwa ameni, ndipo wodwala amamaliza yekha chiganizocho akafika kunyumba. Tiyeni tikambe za ma ARV, amene boma linayamba kugawa mwaulere mu 2004. Tonse amene tinalipo zaka za m'ma 1990 tikukumbukira mmene misika ya mabokosi inkayendera malonda, ndipo tikudziwa chimene chinasintha. Munthu akamamwa mankhwalawa mokhulupirika, tizilombo timachepa m'magazi mpaka makina oyezera osationa. Apa ndiye pamene ambiri akupunthwa. Wina amapempheredwa, nkukayezetsa, nkumva kuti tizilombo sitikuoneka, iye nkuthamangira kutchalitchi ndi kapepala kuti ndachira. Chimene kapepalako kakunena n'choti mankhwala akugwira ntchito. Akasiya, tizilombo timene tinabisala m'thupi timachulukanso m'masabata ochepa, ndipo nthawi zina timabwera titapima moti mankhwala akale sagwiranso. Mayi woyembekezera akasiya, waika pachiswe ndi mwana yemwe. Chimodzimodzi TB: munthu amayamba kupeza bwino pakatha masabata angapo, koma mankhwala ake ndi a miyezi 6, ndipo wosiyira panjira amaitana TB yovuta kuchiza. Lamulo la dziko lino lokhudza HIV ndi Edzi, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limaletsa kufalitsa uthenga wabodza wonena za matendawa. Koma lamulo silikhala nawo m'chipinda usiku pamene munthu akuganiza zotaya botolo m'chimbudzi. Amene angakhalepo ndi mkhristu mnzake.

Ndinaziona ndi maso pa msuweni wanga, mayi wa ana atatu amene amawamba nsomba kugombe. Amadwala khunyu chiyambire pamene malungo aakulu anamugwira ali mwana, ndipo kwa zaka zingapo timapiritsi tochokera kuchipatala chaching'ono tinamugwira bwino moti tinaiwala zoti amagwa. Kunabwera mlaliki wina wochokera kutauni, nkumuuza kuti chimene chimamugwetsa ndi jini la kumtundu, ndipo usiku umenewo latuluka. Anabwera kunyumba nkhope ikuwala. Ine ndinasangalala naye, ndisaname, chifukwa kwa nthawi yoyamba anayenda pakati pa anthu mutu uli m'mwamba. Sanauze aliyense kuti wasiya mapiritsi. Sabata yachiwiri anagwera pauvuni wowambira nsomba moto uli lawilawi. Amayi amene anali pafupi anayamba ndi kukuwa mmalo momukoka, chifukwa ambiri amakhulupirirabe kuti thovu la wakhunyu limapatsira, chomwe si choona. Lero zala ziwiri za dzanja lake lamanja zinamatirirana, ndipo akamasenda chinangwa amachigwira ndi chikhatho. Mlalikiyo anali atapita kale kukachititsa msonkhano kwina. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, inde, koma mlendo yemweyo ndi mame. Sindikumuda kwambiri ngati mmene ndimadzidera ndekha pamodzi ndi mpingo wathu, chifukwa tinaimba naye nyimbo zoyamika Lamulungu lija, koma palibe mmodzi mwa ife amene anamufunsa kuti kodi achemwali, mapiritsi aja mukumwabe?

Kwa amene akuti funso limenelo ndi kusakhulupirira, yankho langa n'loti Yesu atachiritsa akhate anawatuma kukadzionetsa kwa ansembe, amene masiku amenewo ndiwo ankayeza khungu la munthu nkugamula ngati wachira. Sanaope kuti ntchito yake iyesedwe ndi ena. Machiritso enieni saopa magazi kutengedwa. Ngati khunyu lathadi, adokotala adzaona munthu atakhala zaka ziwiri kapena kuposerapo osagwa, ndipo adzachepetsa mankhwala pang'onopang'ono, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumene kumabweretsa kugwa koopsa. Kuwonjezera apo, chikhristu cha m'boma lino sichinayambe chikudana ndi mankhwala. Amishoni amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 anali ndi Robert Laws, amene anali m'busa komanso dokotala, ndipo ankachita opaleshoni pamalo pomwepo pamene ankalalikira. A Anglican anamanga tchalitchi ndi chipatala cha St Martin's ku Malindi moyandikana. Paulo ankayenda ndi Luka sing'anga, ndipo pa 2 Timoteo 4:20 akuvomera poyera kuti Trofimo anamusiya ku Mileto akudwala. Choncho ntchito yoyamba ya nkhoswe ndi yosavuta: kudziwa tsiku limene munthu wake akuyenera kupita kuchipatala, kumukumbutsa kabuku kake, ndipo ngati ndalama ya kabaza palibe, kukaipempha kumpingo popanda kutchula matenda.

Mtsutso wachitatu ndi wa umboni. Abusa ambiri amati chozizwitsa chobisidwa sichilemekeza Mulungu, ndipo amatchula Chivumbulutso 12:11 pamene akunena za kugonjetsa ndi mawu a umboni. Amatchulanso munthu wa ku Gerasa uja amene Yesu atamutulutsa ziwanda anauzidwa kuti akafotokoze zimene Ambuye anamuchitira. Sindikukana kuti umboni umalimbikitsa, ine ndemwe ndinalimbikitsidwapo nawo. Koma tiwerenge bwino Marko 5. Anthu atafika anamupeza munthuyo atakhala pansi, atavala, ali ndi nzeru zake. Payenera kuti wina anamupatsa chovala. Ndipo anatumidwa kwawo, kwa abale ake, amene ankamudziwa asanayambe kugona kumanda. Nthawi zina zambiri Yesu ankachita kuletsa kuti asauze munthu. Ife tatembenuza ndondomeko. Munthu akadali wefuwefu, fumbi lili m'tsitsi, tamupatsa kale maikolofoni, mafoni khumi akujambula. Mtsikana amaulula kuti anachotsa mimba, bambo amaulula matenda ake mkazi wake asanamve, ndipo pofika m'mawa kanema wafika kwa achibale ali ku Joni. Satana angaiwale, koma foni siiwala. Choopsa china n'chakuti umboni wofulumira umamanga munthu. Amene walengeza pamaso pa anthu mazana kuti sindidzamwanso, tsiku limene wamwa sangabwerenso kutchalitchi, chifukwa wasanduka wochititsa manyazi abusa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Umboni umene wadikira miyezi 6 sutaya kanthu, umangowonjezera kulemera, ndipo ngati msonkhano sungakope anthu popanda umboni wa usiku womwewo, tiyenera kufunsa kuti umboniwo ukutumikira yani.

Izi zikutifikitsa pa mawu amene ndawamva kwambiri pamtsutso wa mnyamata uja, akuti anatsegula yekha khomo. Mawuwa amachokera pa Mateyu 12, pamene mzimu woipa ubwerera nkupeza nyumba yopanda wokhalamo, yosesedwa, nkukatenga ina isanu ndi iwiri. Chabwino. Koma vuto la nyumbayo linali loti inalibe munthu. Taganizani tsiku la mlovi. Amalowa m'madzi madzulo, usiku wonse akukoka chilimira pansi pa nyali, kuzizira kukumulowa m'mafupa. M'mawa usipa ukagulitsidwa amalandira gawo lake m'manja, ndipo kuchokera pabwato kufika pamene amagona pali malo omwera angapo, anzake onse ali momwemo. Kachasu ndiye anali bulangete lake, macheza ake ndi bwalo lake lomvera nkhani. Mwamuchotsera zonsezi usiku umodzi, mwaikapo chiyani? Mapemphero a Lamulungu a maola atatu, kenako masiku asanu ndi limodzi a zii. Komanso pali za m'thupi zimene atsogoleri a mapemphero ayenera kudziwa. Munthu amene wamwa kwambiri zaka zambiri akasiya mwadzidzidzi, masiku oyambirira amanjenjemera, amatuluka thukuta, sagona, ena amaona zinthu zoti palibe, ena amakomoka. Osadziwa amati ziwanda zabwerera, nkuwonjezera kusala kudya, pamene munthuyo akufunika chakudya, madzi ndi chipatala msanga. Ndiye tikamati anatsegula khomo, tinene chilungamo kuti panalibe ndi mmodzi yemwe wokhala naye m'nyumbamo.

Pali munthu wina m'Baibulo amene amandisowetsa mtendere. Ndi mtsikana wa ku Filipi pa Machitidwe 16, kapolo amene ankapindulitsa ambuye ake ndi zoombeza. Paulo anatulutsa mzimuwo, ambuye ake anakwiya poona kuti phindu latha, nkhani nkutsatira Paulo ndi Sila kundende. Za mtsikanayo sitimvanso. Anadya chiyani mawa lake? Ndimafuna kukhulupirira kuti Lidiya, mayi wamalonda uja amene nyumba yake inali posonkhanira abale, anamutenga, koma malembo sakunena. Atsikana a ku Filipi tili nawo m'madoko athu onse. Mayi amene amapeza usipa wokagulitsa pogona ndi mwini ukonde akabwera kutsogolo nkulira, ife timati mzimu wa chiwerewere watuluka. Mwina watulukadi. Koma ana ake atatu akufunabe nsima, ndipo thandala lake lili mbee. Ngati amayi a mumpingo samulowetsa m'banki m'khonde yawo, kumubwereka kampamba koti agule nsomba ndi ndalama ngati wina aliyense, kapena kumutengera ku geni ya tomato, njala idzamubweza kumene anachoka, ife nkumati analibe chikhulupiriro. Sing'anga amene watentha nsupa zake nayenso watentha khasu lake.

Tsopano za abale, zimene kuno ku Mangochi n'zosapewa. Mabanja athu ambiri ndi osakanikirana. Mayi ndi Msilamu, mwana analowa mpingo ali kusukulu, malume ndi shehe, mlamu ndi wa Katolika, ndipo onse amakumana pamaliro ndi pasadaka. Mamasulidwe ena amatha ndi chala choloza: amene anakumanga ndi agogo ako, ndi azakhali ako, dula ubale. Wolosayo amakwera galimoto nkupita, koma womasulidwayo akubwerera kumudzi kumene munda ndi wa mbumba, ndipo agogo otchulidwawo ndi amene amamulerera ana. Timamva m'nyuzi za okalamba omenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa chowaganizira ufiti, ndipo lamulo la 1911 likadalipo loti kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ena adzati kuwala ndi mdima siziyanjana, ndipo Yesu anati anabweretsa lupanga. Ndikudziwa kuti alipo amene anathamangitsidwa kwawo chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo amenewo mpingo uyenera kuwapatsa pogona osati mavesi okha. Koma kuthamangitsidwa n'kosiyana ndi kudzichotsa wekha chifukwa mlendo wanena kuti amayi ako ndi mfiti. Nkhoswe yanzeru imapita kukagwada kwa mwini mbumba nkunena kuti mwana wanu tinamupempherera, akuyesetsa kusiya mowa, tithandizane. Sindinaonepo malume, Msilamu kapena mkhristu, amene anakana kumva kuti mphwake wasiya kachasu.

Ena, makamaka azibusa a m'midzi, adzati zonsezi n'zabwino koma zimafuna ndalama ndi anthu. M'busa mmodzi ali ndi nthambi zambiri, njinga yake ndi yakapalasa, chopereka cha Lamulungu sichikwana ndi thumba la simenti. Dandaulo ili ndi loona, ndipo ndilo chifukwa chake sindikunena kuti nkhoswe akhale abusa. Zida tili nazo kale. Akatolika ali ndi miphakati chiyambire zaka za m'ma 1970, a CCAP ali ndi milaga, amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, a Anglican ali ndi Mothers' Union, a Seventh Day ali ndi amayi a Dorika, a Pentekosite amakumana m'makomo mkati mwa sabata. Magulu amenewa amadziwa kale kuyendera odwala ndi ofedwa, atasenza ufa ndi nkhuni. Chofunika n'kuwonjezera pamndandanda wawo munthu amene akuti wachira, chifukwa pakadali pano ukangolengezedwa kuti wachira umafufutidwa pamndandanda wa oyenderedwa. Ndipo tisanamizane pa za ndalama. Mpingo umene wapeza ya hema, mafuta a jenereta, mapepala, chipinda cha mlaliki kumalo ogona a kunyanja ndi chambo chake cha masiku atatu, sungalephere kupatula gawo lina la anthu amene adzabwere kutsogolo. Msamariya uja sanathere pothira mafuta pamabala. Anasiya ndalama ziwiri kwa mwini nyumba ya alendo nkulonjeza kuti adzabweranso. Amishoni a ku Cape Maclear anakhala mpaka 1881 kuti abatize munthu woyamba, Albert Namalambe. Ife timawerenga mazana usiku umodzi, koma tikafunsidwa maina awo patatha mwezi timayang'anana.

Mbali inayo kuli anzanga ophunzira amene akuti ndikutaya nthawi. Kwa iwo kulibe ziwanda, kuli matenda a maganizo, khunyu ndi uchidakwa basi, choncho boma lingoletsa misonkhanoyi anthu azipita kuchipatala. Pa zina ndikugwirizana nawo. Mlaliki wouza munthu kuti ataye ma ARV ayenera kuyankha kukhoti, ndipo womanga wodwala misala ndi unyolo pamtengo kuti akumupempherera akuchita nkhanza. Koma ine ndine mkhristu, ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa, ndipo ndaona anthu amene pemphero linawatembenuza moyo. Ngakhale wosakhulupirira ayenera kuvomera mmene zinthu zilili. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba. Munthu wa ku Makanjira kuti akafike kumeneko ayambe walimbana ndi msewu wofika pa Boma, kenako Liwonde, kenako Zomba, ndi womuperekeza yemwe. Namwino wa kuchipatala cha boma, ngakhale akhale wodzipereka chotani, amamuona wodwala mphindi zochepa pamwezi, mzere uli panja. Masiku ena onsewo munthuyo ali m'mudzi, ndipo m'mudzimo muli tchalitchi ndi mzikiti. Mukatseka mahema, anthu adzapita kuphiri usiku kumene palibe angaone zochitika. Chanzeru n'choti alangizi a zaumoyo ndi akulu a mpingo adziwane, mpingo uitane namwino kudzaphunzitsa gulu lake la mapemphero kusiyanitsa kugwa kwa khunyu, malungo aakulu ndi zina, ndipo namwinoyo adziwe kuti wodwala wake ali ndi nkhoswe imene ingamuthandize wodwalayo akasowa.

Ndivomere kuti maganizo angawa ali ndi poterera pake. Nkhoswe ikhoza kusanduka kazitape wa abusa, kapena wailesi ya m'mudzi. Tonse tikuwadziwa amayi ena amene amatenga chinsinsi cha munthu nkuchibweretsa kugulu atachikulunga m'mawu oti tiyeni timupempherere mlongo wathu. Bambo woyendera mayi wosakwatiwa madzulo angayambitse nkhani ina yoposa yoyamba. Choncho munthu asankhe yekha nkhoswe yake pakati pa anthu okhwima, amayi kwa amayi, abambo kwa abambo, ndipo woulula chinsinsi adzudzulidwe monga timadzudzulira wakuba chopereka. Akhalenso munthu wosathamangira kuona chiwanda pa chilichonse, woti akamva kuti wagwanso sathamangira kukaitana gulu lofuula, koma amayamba wakhala pansi nkufunsa chinachitika n'chiyani.

Mnyamata wa m'kanema uja ndinakamuona sabata yatha, chifukwa kwawo si kutali ndi kwa msuweni wanga. Amene anamujambula pansanja sanabwereko, amene anamujambula pamchenga ndiye sangabwere n'komwe. Koma pali gogo wina wa Mvano woyandikana naye nyumba, amene sanatumidwe ndi komiti iliyonse. Anayamba kumubweretsera phala m'mawa uliwonse akamachokera kunyanja, asanadutse kumalo omwera kuja, ndipo anagwirizana kuti gawo lina la ndalama za usipa azisunga gogoyo m'kachitini. Ndinawapeza pakhonde, mnyamatayo akusoka ukonde wa bwana wake, maso ali psuu, osafuna kudzutsa mutu.

"Agogo, dzulo ndinamwanso," anatero.

"Fungo ndalimva ndili kumpanda," anayankha gogoyo akuvundukula mbale. "Kasambe m'manja, phala lizizira. Mawa ukatsika m'bwato udzere kuno poyamba."